AFRICA-ASIA: Maboma Anatseka Zitseko, Koma Achinyamata Akupitabe ku Taiwan

DURBAN – Mkangano wa pakati pa boma la South Africa ndi la Taiwan, wokhudza malo amene ofesi yoimira Taiwan iyenera kukhala, unaoneka kwa anthu ambiri ngati nkhani ya akazembe okhaokha. Koma kwa achinyamata a m'chigawo cha KwaZulu-Natal amene akufuna kukaphunzitsa Chingerezi pa chilumbachi, maofesi a Taiwan ndiwo khomo limene mapepala awo amadutsapo: digiri yoti idindidwe, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti munthu alibe mlandu, ndi chitupa cholowera m'dzikolo.

M'mwezi wa Okutobala 2024 zinadziwika kuti boma la South Africa lauza Taiwan kuti ichotse ofesi yake mumzinda wa Pretoria ndi kuipititsa ku Johannesburg. Unduna woona za ubale ndi maiko ena unati likulu la dziko ndi malo a akazembe, pamene Johannesburg ndi kuchimake kwa malonda, ndipo ubale umene unatsala pakati pa mbali ziwirizi si wa ndale ayi. Taiwan inakana, ponena kuti pangano la m'chaka cha 1997 linalola kuti ofesiyo ikhale ku likulu. M'chaka cha 2025 undunawo unasintha dzina la ofesiyo m'mabuku ake ndi kuyamba kuitchula kuti ofesi ya zamalonda. Mu Sepitembala chaka chomwecho Taiwan inalengeza kuti ikhwimitsa malamulo otumizira ku South Africa tizipangizo ta m'kati mwa makompyuta, koma inaimitsa chiganizocho patangopita masiku awiri.

Pamene akuluakulu akukokanakokana choncho, anthu wamba sanasiye kuyenda. Aphunzitsi, ophunzira ndi amalonda ochokera kumwera kwa Africa akukhala ku Taipei, Taichung, Kaohsiung ndi m'matauni ang'onoang'ono a pa chilumbachi. Moyo umene amaupeza kumeneko ndi wosiyana kwambiri, ndipo chimene chimausiyanitsa nthawi zambiri si nzeru za munthu kapena khama lake. Ndi pasipoti imene wanyamula, mtundu wa chitupa chimene walowera, ndiponso, ngakhale lamulo limaletsa, maonekedwe a khungu lake.

Taiwan ili kum'mawa kwa China, kutsidya kwa nyanja yopapatiza. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 36,000, kutanthauza kuti siifika theka la KwaZulu-Natal ndipo ingalowe katatu m'dziko la Malawi. Komabe pamakhala anthu oposa 23 miliyoni, ambiri mwa iwo atathithikana m'zigwa za kumadzulo, chifukwa pakati pa chilumbachi pali mapiri okhaokha. Boma la Beijing limati Taiwan ndi chigawo chake, ndipo silivomera kuti dziko lililonse likhale pa ubale wa ukazembe ndi mbali zonse ziwiri. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo maiko a mu Africa akhala akusankha phanga limodzi, lero ili, mawa linzake.

Dziko la Malawi linakhazikitsa ubale ndi Taiwan m'chaka cha 1966, mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda. Mu Okutobala 1971, pamene bungwe la United Nations linkavota kuti mpando wa China uperekedwe ku Beijing, maiko a Zambia ndi Tanzania anali m'gulu limene linabweretsa mfundoyo, pamene Malawi, South Africa, Lesotho ndi Swaziland anavota mokana. Alangizi a ulimi ochokera ku Taiwan anagwira ntchito zaka zambiri m'masikimu a mpunga, monga wa Domasi m'chigwa cha nyanja ya Chilwa, ndipo chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2000, chinamangidwa ndi ndalama za Taiwan.

Ubalewo unatha pa 28 Disembala 2007, pamene boma la Bingu wa Mutharika linasayina pangano ndi Beijing. Joyce Banda, yemwe panthawiyo anali nduna yoona za ubale ndi maiko ena, analengeza nkhaniyi pa 14 Januwale 2008. Gulu la madokotala limene boma la Taiwan linatumiza ku Mzuzu linalongedza katundu, ndipo msewu wa Karonga-Chitipa ndi nyumba ya malamulo ku Lilongwe zinadzamalizidwa ndi China.

Ku KwaZulu-Natal mbiriyi ndi yowawirako. M'zaka za m'ma 1980 boma la tsankho, limene maiko ambiri anali atalisala, linapeza bwenzi mwa Taiwan, imene nayonso inali itatayidwa ndi abwenzi ake. Bomalo linkapereka ndalama zokopa eni mafakitale kuti atsegule ntchito pafupi ndi madera amene linathamangitsirako anthu akuda, ndipo mabanja ambiri a ku Taiwan anakhazikika ku Newcastle ndi Ladysmith, kumene anatsegula mafakitale osoka zovala ndi oluka majuzi. Malamulo a tsankho ankawatenga ngati azungu. Mafakitalewo anapatsa ntchito amayi zikwizikwi achizulu, koma kuchepa kwa malipiro kwakhala gwero la mikangano ndi mabungwe a anthu apantchito kwa zaka zambiri. Ena mwa alendowo anakhazikikiratu mpaka kulowa ndale, monga Shiaan-Bin Huang wa ku Newcastle, yemwe analowa m'nyumba ya malamulo m'chaka cha 2004 kudzera m'chipani cha ANC. Ambiri anabwerera kwawo Nelson Mandela atalengeza, mu Novembala 1996, kuti dziko lake lisamutsira ubale ku Beijing, zimene zinachitika pa 1 Januwale 1998.

Tsopano ulendo unatembenuka. Kale anthu a ku Taiwan ndiwo ankabwera kudzaphunzitsa kuoka mpunga ndi kuyendetsa makina osokera. Lero ndi ana a kuno amene akukwera ndege pa bwalo la King Shaka, kudzera ku Dubai kapena ku Johannesburg ndi Singapore, kukaphunzitsa ana a ku Taiwan. Chifukwa chake si chobisika. Malinga ndi bungwe la Statistics South Africa, kumayambiriro kwa chaka cha 2025 achinyamata pafupifupi 46 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 15 ndi 34 amene ankafuna ntchito analibe ntchito. Munthu amene watuluka ndi digiri ku University of KwaZulu-Natal, ali ndi ngongole ya sukulu kumsana ndi azibale akumuyang'ana, saona ulendo wa ku Asia ngati wokasangalala.

Ambiri amayambira m'sukulu zotchedwa buxiban. Izi ndi sukulu zolipira zimene ana amapitako akaweruka ku sukulu ya boma, zofanana ndi zimene makolo ku Malawi amazitcha patitaimu, kungoti ku Taiwan ndi bizinesi yaikulu yokhala ndi makampani a nthambi zambirimbiri. Mwana amatha kutuluka m'kalasi yotsiriza usiku, ndipo mphunzitsi wachilendo nthawi zambiri amayamba ntchito masana ndi kuweruka kunja kutada.

Lamulo lake ndi losavuta kumva. Mlendo wofuna kuphunzitsa chiyankhulo m'sukulu zimenezi ayenera kukhala ndi maphunziro a ukachenjede, ndipo chiyankhulo chimene akuphunzitsacho chikhale chiyankhulo cha boma cha dziko limene linam'patsa pasipoti. Kuyambira m'chaka cha 2017 amafunikanso kuonetsa kalata ya apolisi a kwawo. Lamuloli silifunsa kuti munthu anayamwa chiyankhulo chanji. Limafunsa pasipoti basi. Choncho Mchewa wa ku Dedza ndi Mchewa wa ku Chipata, potsata lamulo, akhoza kupempha chilolezo chophunzitsa Chingerezi, pamene msuweni wawo wa ku Angónia m'chigawo cha Tete sangathe, ngakhale atachidziwa Chingerezi kuposa onsewo, chifukwa pasipoti yake ndi ya dziko la Chipwitikizi. Malire amene atsamunda anadula ndiwo akugawabe mwayi m'kalasi ya ku Taichung.

Koma lamulo ndi lina, msika ndi wina. Zotsatsa ntchito zambiri zimatchula maiko asanu ndi awiri okha: United States, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Amenewa ndiwo eni sukulu amawatcha maiko a eni chiyankhulo, ndipo South Africa ndi dziko lokhalo la mu Africa pa mndandandawo. Zodabwitsa n'zakuti kalembera wa m'chaka cha 2022 anapeza kuti anthu osakwana 9 mwa 100 alionse ku South Africa ndiwo amayankhula Chingerezi pakhomo, pamene Chizulu chimayankhulidwa ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse. Mnyamata amene anakulira m'Chiafirikanzi amawerengedwa mwini Chingerezi, pamene mphunzitsi wa ku Harare kapena ku Zomba, amene anaphunzira zonse m'Chingerezi ndipo waphunzitsa phunzirolo zaka khumi, kalata yake nthawi zambiri siyankhidwa n'komwe.

Ngakhale pakati pa onyamula pasipoti ya South Africa pali kusiyana. Dandaulo limene lakhala likumveka kwa zaka zambiri ndi lakuti sukulu zina zimapempha chithunzi zisanaone mapepala, ndipo zimakonda nkhope yachizungu chifukwa ndi imene makolo ena amaiona ngati chizindikiro cha Chingerezi chenicheni. Izi zimapweteka mwapadera ku Durban, mzinda umene uli ndi anthu ambiri ochokera ku mabanja achimwenye amene Chingerezi ndicho chiyankhulo chawo choyamba, ndipo ena sadziwanso china. Lamulo la zolemba anthu ntchito ku Taiwan limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu wake, ndipo chindapusa chake chimayambira pa madola a Taiwan 300,000. Vuto ndi umboni, pakuti munthu amene sanaitanidwe sauzidwa chifukwa chake.

Akaipeza ntchito, mlendo amalandira chiphaso chokhalira m'dzikomo chotchedwa ARC, ndipo chiphasochi chimamangirizidwa ku chilolezo cha ntchito chimene chili m'dzina la bwana. Ntchito ikatha, chilolezo chimatha nacho, ndipo munthuyo ayenera kupeza bwana wina kapena kupempha nthawi yoonjezera. Kuphunzitsa pa malo amene sanalembedwe pa chilolezo ndi mlandu. Malamulo salolanso kuti alendo oterewa aziphunzitsa Chingerezi m'sukulu zamkaka, komabe sukulu zambiri zoterezi zimawalemba, chifukwa makolo amafuna. Oyendera a boma akafika, amene amakhala pa chiopsezo chothamangitsidwa m'dziko ndi mphunzitsi, ndipo ena amadziwa izi mochedwa.

Malipiro m'sukulu zambiri za buxiban amawerengedwa pa ola, ndipo kwa woyamba kumene amakhala pafupifupi madola 20 a ku America. Kwa munthu wochokera ku Umlazi kapena ku Chatsworth ndalamazi ndi zambiri, ndipo wosamala amatha kutumiza kwawo mwezi ndi mwezi. Koma aphunzitsi okhalitsa amadandaula kuti mtengo wa olawo wakwera pang'ono zedi m'zaka makumi awiri, pamene lendi ku Taipei yakwera kwambiri. Nthawi yochonga ntchito za ana kawirikawiri silipiridwa, ndipo sukulu ikatsekedwa chifukwa cha namondwe kapena chikondwerero cha chaka chatsopano, wolipidwa pa ola amangoona thumba likuphwa. Amene ali ndi satifiketi ya uphunzitsi ya kwawo ali ndi mwayi wolowa m'sukulu za boma, kumene malipiro ndi a pamwezi ndipo pali thandizo la nyumba ndi tikiti ya ndege.

Chimene alendo ambiri amayamikira mosanyinyirika ndi chipatala. Taiwan inakhazikitsa inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse m'chaka cha 1995, ndipo mlendo wolembedwa ntchito movomerezeka amalowamo kuyambira tsiku loyamba ntchito, pamene wophunzira amadikira miyezi isanu ndi umodzi. Munthu amangoonetsa khadi, kulipira kandalama kochepa, ndi kuonana ndi dokotala tsiku lomwelo. Kwa nzika za South Africa, zimene zinaona Cyril Ramaphosa akusayina lamulo la inshuwalansi yotereyi mu Meyi 2024 kenaka nkhani yonse ndi kukathera m'makhoti, zimenezi si zazing'ono. Enanso amatchula magetsi osazimazima, ndi ufulu woyenda usiku foni ili m'manja popanda kucheukacheuka.

Pali zina zimene mlendo amaphunzira msanga. Zinyalala sasiya panja: galimoto yachikasu imabwera ikuimba nyimbo, kawirikawiri ya Beethoven, ndipo anthu a mumsewu wonse amatuluka ndi matumba awo atasankhula kale mapulasitiki, mapepala ndi zotsala za chakudya. Ambiri amadziwana ndi anansi awo pamzere umenewu. Masitolo a 7-Eleven ndi FamilyMart ali pafupifupi pa ngodya iliyonse m'mizinda, ndipo munthu amalipirako bilu ya madzi, kugula tikiti ya sitima ndi kulandirirako katundu. Mpunga ndi nkhumba zili ponseponse, zimene zimavutitsa Asilamu, ngakhale malo ogulitsa chakudya cha halaal akuchuluka chifukwa cha kuchuluka kwa anthu a ku Indonesia. Ufa wa nsima supezeka m'masitolo wamba, ndipo amene akuchokera kwawo amadziwa chimene anzawo akudikira m'chikwama.

Pamsewu ndi pamene pali imfa. Taiwan ili ndi njinga zamoto pafupifupi 14 miliyoni, ndipo mphunzitsi wokhala kunja kwa Taipei sachedwa kugula yake. Magalimoto amayenda kumanja, mosiyana ndi ku South Africa, Malawi, Zambia ndi Mozambique. M'zaka za 2022 ndi 2023 ngozi za pamsewu zinkapha anthu pafupifupi 3,000 pa chaka, ndipo mu Ogasiti 2023 anthu zikwizikwi anachita zionetsero ku Taipei pofuna kuti oyenda pansi atetezedwe.

Nkhani ya chiyankhulo ndi yofunika kuiona mofatsa, chifukwa ndi imene imalekanitsa mlendo wongodutsa ndi mlendo wokhazikika. Chimandarini chimasintha tanthauzo la mawu ndi kukweza kapena kutsitsa liwu: mawu akuti ma akhoza kutanthauza mayi kapena hatchi. Azungu ambiri amavutika nazo, koma woyankhula Chichewa sayenera kudabwa, popeza amasiyanitsa kale mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kapena khungu la thupi ndi khungu la maso, popanda chilembo chilichonse kusintha. Chovuta ndi kulemba. Taiwan inasunga zilembo zakale za mizere yambiri, pamene China inazipeputsa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Wophunzira amene anayambira ku Confucius Institute ya pa Durban University of Technology, kapena ya University of Malawi, amaphunzira zilembo zopeputsidwazo, ndipo akafika ku Taipei amapeza kuti zikwangwani zambiri ayenera kuziphunziranso.

Ngakhale maina olembedwa m'zilembo zathuzi amasokoneza. Chilumbachi chagwiritsapo ntchito njira zingapo zolembera Chimandarini m'zilembo za Chilatini, ndipo kusankha njira kunasanduka nkhani ya ndale. Boma linatenga njira ya Tongyong m'chaka cha 2002, kenaka ya Hanyu, imene imagwiranso ntchito ku China, kuyambira 2009, koma mizinda ikuluikulu inasunga kalembedwe kakale. Motero Kaohsiung ndi Gaoxiong ndi mzinda umodzi, Hsinchu ndi Xinzhu chimodzimodzi, ndipo msewu umodzi ukhoza kulembedwa mosiyana kumayambiriro ndi kumapeto kwake.

M'chaka cha 2018 boma linalengeza ndondomeko yoti pofika 2030 anthu ambiri azidziwa Chingerezi pamodzi ndi Chimandarini, ndipo ndondomekoyi ndi imene yachulukitsa malo a aphunzitsi achilendo m'sukulu za boma. Si onse anaikondwerera. Kumwera kwa chilumbachi anthu ambiri amayankhula Chitaiwani pakhomo, ena Chihakka, ndipo boma limavomereza mitundu 16 ya eni nthaka amene ali ndi ziyankhulo zawo. Mu ulamuliro wa asilikali, umene unatha m'chaka cha 1987, ana ankalangidwa ndi kuvekedwa chikwangwani m'khosi akayankhula chiyankhulo cha kwawo pa sukulu, chilango chimene aliyense amene anaphunzira pulayimale ku Malawi kapena ku Zambia angachizindikire. Otsutsa akuti ziyankhulo zimenezi zisanachire, boma laikanso mtolo wina pamwamba pake. Mtsutso wofanana unabuka ku Malawi m'chaka cha 2014, pamene boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Mphunzitsi wachizulu amene akuphunzitsa Chingerezi mwana wa mtundu wa Amis ku Hualien ali pakati pa nkhani imene amaidziwa kale kuchokera kwawo.

Moyo wa wophunzira ndi wina. Mayunivesite a boma ku Taiwan ali ndi mbiri yabwino pa uinjiniya, ulimi ndi udokotala, ndipo anthu ambiri a mu Africa atengako madigiri apamwamba. Koma chiwerengero cha ana obadwa chatsika koopsa, kuchoka pa oposa 300,000 m'chaka cha 2000 kufika pa pafupifupi 135,000 m'chaka cha 2024. Makoleji ang'onoang'ono amene si a boma anayamba kusowa ophunzira, ndipo ena anatembenukira kunja, pogwiritsa ntchito anthu apakati amene amalonjeza maphunziro aulere ndi ntchito yapambali.

Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. M'chaka cha 2020 nyuzipepala za ku Taiwan zinalemba za ophunzira oposa 40 ochokera ku Eswatini amene anapita ku MingDao University m'boma la Changhua, koma anapezeka akusenda nkhuku m'fakitale yozizira kwa maola ochuluka kuposa amene lamulo limalola. Wophunzira wachilendo saloledwa kugwira ntchito kupitirira maola 20 pa sabata sukulu ili m'kati. Mu Januwale 2022 atolankhani a The Reporter anaulula nkhani ya ophunzira 16 a ku Uganda amene anafika pa Chung Chou University of Science and Technology m'chaka cha 2019. Anawalonjeza maphunziro a m'Chingerezi ndi thandizo la fizi, koma anapeza makalasi a m'Chimandarini, ngongole, ndi ntchito ya usiku m'mafakitale. Unduna wa zamaphunziro unaletsa sukuluyo kulemba ophunzira, anthu angapo kuphatikizapo akuluakulu a pa sukulupo anazengedwa milandu yokhudza kugulitsa anthu, ndipo sukuluyo inatsekedwa m'chaka cha 2023.

Kuti nkhanizi zinatuluka ndi kufika ku khoti ndi umboni wakuti Taiwan ili ndi atolankhani omasuka ndi makhoti ogwira ntchito. Koma ophunzira a ku Uganda anakhala m'mavutowo zaka ziwiri asanamveke, ndipo dziko lawo linalibe kazembe pa chilumbachi woti akam'dandaulire.

Wophunzira amene akudalira thandizo la unduna woona za maiko ena wa Taiwan alinso pa chiopsezo china, chifukwa thandizoli kwenikweni limapita kwa maiko amene ali pa ubale ndi Taipei. Pamene dziko la Honduras linasamukira ku Beijing mu Malichi 2023, ophunzira ake anauzidwa kuti thandizo lawo litha kumapeto kwa teremu. Pangano losayinidwa ndi anthu amene wophunzira sanawaonepo limatha kudula digiri yake pakati.

Ndi bwinonso kukumbukira kuti aphunzitsi ndi ophunzira ndi kagulu kochepa pakati pa alendo. Unyinji ndi anthu oposa 700,000 ochokera ku Indonesia, Vietnam, Philippines ndi Thailand, amene amagwira ntchito m'mafakitale, m'zombo za asodzi ndi m'nyumba zosamalira okalamba. Amabwera kudzera mwa anthu apakati amene amawadula ndalama mwezi ndi mwezi, sasintha bwana mwaufulu, ndipo osamalira okalamba m'makomo satetezedwa ndi lamulo lalikulu la ntchito. Mmalawi amene wagwirapo ntchito m'nyumba kapena m'munda wa maluwa ku Durban angaumvetse moyo wawo msanga kuposa wa mphunzitsi.

Pa za kuyenda, chilumbachi ndi chosavuta. Sitima yothamanga kwambiri, imene inayamba mu Januwale 2007, imadula mtunda wa makilomita pafupifupi 350 pakati pa Taipei ndi Kaohsiung mu ola limodzi ndi theka. Kum'mawa sitima wamba imadutsa pakati pa mapiri ndi nyanja ya Pacific, ndipo achinyamata ambiri, eni dziko ndi alendo omwe, amazungulira chilumba chonse pa njinga, ulendo wa makilomita oposa 900. Phiri la Yushan ndi lalitali mamita 3,952, kuposa nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 950. Kukongolaku kumabwera ndi mtengo wake. Chivomezi cha pa 21 Sepitembala 1999 chinapha anthu oposa 2,400, ndipo cha pa 3 Epulo 2024 chinagumula njira za m'chigwa chotchuka cha Taroko ku Hualien. Chaka ndi chaka pamakhalanso zoyeserera za nkhondo ya m'mlengalenga, pamene malipenga amalira ndipo aliyense amachoka pamsewu kwa theka la ola. Makolo kuno amada nkhawa akamva za zombo za nkhondo za China zikuzungulira chilumbachi, monga zinachitikira mu Ogasiti 2022, pamene ana awo kumeneko amangopita ku ntchito ngati masiku onse.

Ubale wa anthu wamba ukuyendanso kudzera m'zipembedzo, njira imene maboma saiona bwino. Bungwe lachibuda la Tzu Chi, limene linayambira ku Hualien m'chaka cha 1966, lili ndi amayi ambiri achizulu ozungulira Durban amene amadzipereka kusamalira odwala ndi ana amasiye, ndipo ena mwa iwo ayendapo m'maiko oyandikana nawo. Ku Mzuzu, bungwe la Luke International, limene lili pa ubale ndi chipatala cha Pingtung Christian Hospital, linapitiriza ntchito za umoyo akazembe atachoka. Pafupi ndi Blantyre pali malo osungira ana amasiye a Amitofo Care Centre, amene anayambitsa ndi mmonke wa ku Taiwan, Hui Li, kumene ana amaphunzira Chimandarini ndi masewero a kung fu, ndipo ena amapita kukapitiriza maphunziro ku Taiwan.

Malo amenewa ndiwo anajambulidwa mu filimu ya Buddha in Africa, ya Nicole Schafer wa ku KwaZulu-Natal, imene inapambana mphotho pa chikondwerero cha mafilimu cha Durban International Film Festival m'chaka cha 2019. Filimuyo imatsata mnyamata wochokera ku banja lachisilamu amene ayenera kusankha pakati pa kubwerera kumudzi ndi kupita ku Taiwan, atakula akuyankhula Chimandarini bwino kuposa chiyankhulo cha agogo ake.

Amene wasankha kupita amayamba ndi ulendo wa mapepala. Ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe kulibe ofesi ya boma la Taiwan. Kumwera kuno kwa Africa maofesi ali ku South Africa ndi ku Mbabane, likulu la Eswatini, ndipo wa ku Lilongwe kapena ku Lusaka ayenera kutumiza mapepala ake kutsidya kwa malire ndi kudikira. Akafika ku Taiwan zinthu zimakhalanso chimodzimodzi. South Africa ili ndi ofesi yoimira dzikolo ku Taipei, ndipo Eswatini ili ndi kazembe, koma Mmalawi kapena Mzambia amene wataya pasipoti, wamangidwa kapena wamwalira, thandizo la boma lake liyenera kuchokera ku ofesi ya kazembe imene ili kutsidya kwa nyanja, ku Tokyo kapena ku Beijing.

Kuchokera pamene Burkina Faso inasamukira ku Beijing mu Meyi 2018, Eswatini inatsala yokha mu Africa pa ubale wa ukazembe ndi Taiwan, ndipo Nauru itachoka mu Januwale 2024, maiko otere pa dziko lonse anatsala 12. Mfumu Mswati III inapita ku Taipei mu Meyi 2024 pa mwambo wolumbiritsa pulezidenti Lai Ching-te. Mu Juni 2025 China inalengeza kuti ndi yokonzeka kuchotsa msonkho pa katundu wochokera m'maiko 53 a mu Africa amene ali nayo pa ubale. Dziko lokhalo limene silinali pa mndandandawo ndi Eswatini, limene malire ake ali pa mtunda wa maola ochepa pa galimoto kuchokera ku Durban.